Kapaipi kotalika ngati chala kadatsala pang'ono kutiphera galimoto

Kwathu kuno, kumapiri a m'boma la Dedza komwe ndimaphunzitsa pasukulu ina ya sekondale yoyendera, mvula ikayamba msewu wathu umasanduka phala. Maminibasi amathera pamsewu wa phula, malole a mbatatesi amadikira kuti dzuwa liwale masiku awiri kapena atatu, ndipo ngakhale anyamata a kabaza wa njinga zamoto amayamba ayang'ana kumwamba asanavomere ulendo. Galimoto imodzi yokha ndiyo imalowa ndi kutuluka m'dera lathu nyengo yotereyi. Imeneyi ndi Toyota Land Cruiser ya atsibweni anga, ya mtundu wa 80, yopangidwa mu 1996.

Atsibweniwa adakhala dalaivala wa bungwe lina lachifundo kwa zaka zambiri. Atapuma pantchito, bungwelo lidagulitsa katundu wake wakale ndipo iwo adatsanulira ndalama zawo zopumira pagalimotoyi. Kuchokera nthawi imeneyo yakhala ambulansi yathu, yonyamula maliro athu, ndinso yotitutira feteleza mvula ikayandikira. Mayi woyembekezera akadwala pakati pa usiku, abale ake amathamangira kukagogoda pawindo la atsibweni. Choncho galimotoyi ikafa, mudzi wonse umagona ndi nkhawa.

Ndalemba nkhaniyi kuti ndigawane ndi owerenga anzanga zomwe tidaphunzira mu Januwale wapitayu, pamene kapaipi ka mphira kotalika ngati chala changa chamkombaphala kadatsala pang'ono kuwononga injini yonse. M'dziko muno muli galimoto zambiri zamphamvu koma zokalamba, za m'maparishi, za alimi a fodya, za mafumu ndi za amalonda, ndipo zambiri mwa izo zili ndi tipaipi totere tomwe sitidasinthidwepo chipangidwireni.

Vutoli lidayamba mwakachetechete mu Disembala. M'mawa uliwonse ndikamapita kusukulu ndinkawapeza atsibweni atatsekula boneti, chigubu cha madzi chili m'manja. Poyamba ankathira kapu imodzi, kenako ziwiri, ndipo pofika Khirisimasi linali lita lathunthu. Tsiku lina ndidawafunsa kuti: "Atsibweni, madzi mukuthira tsiku ndi tsikuwa akupita kuti?"

Iwo adaseka nkuti: "Aphunzitsi, galimoto yokalamba ili ngati nkhalamba, ludzu silichedwa. Onani pansi apa, pali dontho? Inu pitani mukaphunzitse ana."

Zoonadi pansi padali pouma. Ndidangokhala chete poti iwo adayamba kuyendetsa galimoto ine ndisadabadwe. Komabe mumtima ndinkadziwa kuti sizidali bwino, chifukwa madzi a mu injini amayenda m'njira yotsekedwa. Akamachepa ndiye kuti pena pake pali potulukira, kaya tikupaona kaya ayi.

Lachitatu lina mu Januwale, mtsikana wa Fomu 3 adakomoka m'kalasi, thupi lili moto. Mvula idali itagwa usiku wonse. Aphunzitsi aakulu adandituma kukaitana atsibweni, ndipo posakhalitsa tidanyamuka, ine kutsogolo, wodwalayo kumbuyo atamutsamiritsa pamiyendo ya mphunzitsi mnzanga wamkazi. Titayenda makilomita atatu, tili pa chitunda choterera, galimoto ikukoka pagiya yamphamvu, ndidamva kafungo kotsekemera ngati shuga wopserera. Ndisanayankhule, nthunzi idatuluka m'mbali mwa boneti kumbali yanga, ndipo kasingano kosonyeza kutentha kadadumphira kofiira. Atsibweni adazimitsa injini nthawi yomweyo. Lero ndikudziwa kuti changu chimenecho ndicho chidapulumutsa galimotoyo.

Koma mwanayo adali chikomokere, chipatala chili patali. Tidaimbira mnyamata wa njinga yamoto amene adabwera patatha pafupifupi ola, ndipo adamunyamula atamuika pakati, mphunzitsi uja atamugwira kumbuyo, mawilo akuvina m'matope. Ola limene lija pa chitunda paja sindidzaliiwala. Ndinkangoyang'ana nkhope ya mwana wa eni ake uku ndikukumbukira chigubu chija cha m'mawa uliwonse. Mwamwayi adafika, adamupeza ndi malungo aakulu, ndipo patatha masiku anayi adatuluka m'chipatala.

Ife tidadikira kuti injini izizire, nkutunga madzi padambo. Tidathira, nkusiya chitsekero cha rediyeta chosamanga kwenikweni kuti pulesha isakwere, ndipo tidabwerera pang'onopang'ono, kuyenda pang'ono, kuima, kuthira, kudikira. Mtunda wa makilomita atatu udatidyera masana onse.

M'mawa mwake tidaitana bambo wina wa pamsika wathu amene amakonza zigayo ndi njinga zamoto. Adayang'ana mapaipi aakulu awiri a rediyeta, onse adali bwino. Rediyeta idali youma, pampu ya madzi chimodzimodzi. Kenako adandiuza kuti ndithire madzi iwo atagona pansi ndi tochi. Patapita kanthawi adaitana kuti: "Aphunzitsi, bwerani muone. Akudontha kuchokera pamwamba pa sitata." Tidachotsa tayala lakutsogolo la kumanzere ndi chimphira chotchinga matope, ndipo titaunika mkatikati, pansi pa manifodi, kumapeto kwenikweni kwa injini, tidakaona. Kadali kotupa ngati soseji, kong'ambika m'mbali, kozunguliridwa ndi zoyerayera zouma. Apa mpomwe tidamvetsa chifukwa chake pansi pankakhala pouma: madontho ankagwera pazitsulo zotentha nkuuma asanafike pansi.

Atsibweni adadabwa kwambiri atamva kuti kapaipiko nka hita. "Hita? Ine hita ndimayatsa mu Juni mokha, mwinanso mvula ikachititsa nkhungu pagalasi. Kangaphulike bwanji kanthu kosagwira ntchito?"

Funso limeneli ndi lomwe eni galimoto ambiri angafunse, choncho ndilongosole. Hita ya galimoto ndi karediyeta kakang'ono kobisika kuseri kwa dashibodi. Madzi otentha amachoka mu injini, nkudutsa m'karediyetako, nkubwereranso. Pagalimoto ya atsibweni, yomwe ili ndi injini ya petulo ya 1FZ-FE, ya masilinda 6 ndi malita 4.5, madziwo amatuluka kumbuyo kwa hedi, nkudutsa m'kapaipi kathu kaja, nkulowa m'paipi yachitsulo yokwera m'mwamba kukafika pa valavu yotsekula ndi kutseka hita. Valavuyo ili kutsogolo kwa ulendo wa madziwo, kapaipi kali kumbuyo. Ndiye kuti ngakhale hita ikhale yozimitsa chaka chonse, kapaipiko kamakhala kodzaza madzi otentha ndi pulesha nthawi iliyonse injini ikulira. Kwa zaka zoposa 25 kakhala kakutentha ndi kuzizira, kufufuma ndi kufota. Palibe mphira yomwe singatope.

Chimene chimachititsa kuti kubooka kwakung'ono kukhale koopsa ndi phunziro lomwe ndimaphunzitsa chaka ndi chaka mu Physics. M'mbali mwa nyanja yamchere madzi amawira pa madigiri 100. Kuno ku Dedza, komwe boma lathu lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, amawira msanga, cha pa madigiri 95. Chitsekero cha rediyeta, chomwe pa galimoto iyi ndi cholembedwa 0.9, chimasunga pulesha kuti madzi asawire mpaka atayandikira madigiri 120. Paipi ikang'ambika, pulesha imathawa, ndipo madzi omwe adali atatentha kale amasanduka nthunzi mwadzidzidzi. Malita oposa 12 angathe m'mphindi zochepa. Tsono hedi ya injini imeneyi ndi ya aluminiyamu pomwe thunthu lake ndi lachitsulo. Ziwirizi zikatentha sizifutukuka mofanana, choncho hedi imapindika ndipo gasiketi imapsa. Zikatero, ndalama yokonzetsera ikhoza kuposa malipiro anga a miyezi ingapo, pomwe kapaipiko mtengo wake sufika pa nkhuku imodzi.

Kasingano ka pa dashibodi nakonso musakadalire kwambiri. Kamakhala pakati kwa nthawi yaitali, ndipo kakamadumpha zinthu zimakhala zitaipa kale. Madzi akatheratu nkotheka kuti kasasonyeze zoona, chifukwa kachipangizo koyeza kutentha kamafuna kumira m'madzi.

Loweruka m'mawa tidayamba ntchito yochotsa kapaipi kakaleko. Tidaimika galimoto pamalo osatsetsereka, nkuika miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala. Titaikweza ndi jeke, tidaikhazika pa zipika zolimba za bulugama. Amakaniko adakaniratu njerwa, ati zimaphwanyika mosachenjeza, ndipo jeke payekha sagonedwa pansi. Tidamasula waya wa negativi pa batire, chifukwa pomwe dzanja ndi sipanala zimadutsa pali chingwe chachikulu cha sitata chomwe chimakhala ndi moto nthawi zonse. Madzi otsala tidawakhuthulira m'beseni kudzera pa kampopi ka pansi pa rediyeta.

Apa mpomwe padayambira chintchito. Amakaniko adayesa kulowetsa mkono, koma manja awo ozolowera zigayo adakanika kudutsa. Atsibweni msana sukuwalolanso kupindika. Onse awiri adandiyang'ana ine, ndipo amakaniko adati: "Aphunzitsi, manja a choko aja lero agwire ntchito." Ndidakhala pansi m'malo mwa tayala, phewa litakanikizika kuchitsulo, mkono wonse uli m'kati. Ukalowetsa mkono, maso saonanso, ndipo ukafuna kuona, mkono uyenera kutuluka. Ntchito yonse ndi yopapasa ngati munthu wofufuza machesi mumdima.

Makilampu akale adali atachita dzimbiri. Imodzi idamasuka ndi pulayazi wautali, inayo tidachita kuidula. Kapaipi kadali katamatirira kuchitsulo, ndipo amakaniko adandiletsa kukakoka ndi mphamvu kapena kukapana ndi sikuludiraiva. Ndidakacheka m'litali ndi kampeni kakuthwa, pang'onopang'ono kuti ndisakande chitsulo, chifukwa mkwasa ngakhale waung'ono umadzakhala njira ya madzi. Pafupi pomwepo pali kasensa kokhala ndi waya wowonda, ndipo pulasitiki yake idauma ndi ukalamba. Kukagunda ndi chigongono ndi kudziputira vuto lachiwiri. Patatha maola awiri kapaipi kadatuluka m'zidutswa ziwiri, zala zanga zili zilonda zokhazokha.

Lolemba ndidatenga vernier caliper ya mulabotale ya sukulu nkuyeza chitsulo chomwe kapaipi kamavala. Ndidapeza mamilimita 16. Loweruka lotsatira ndidakwera minibasi ya ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera paboma, zidutswa zija zili m'thumba. Safunsa adadya phula, choncho ndidazungulira ndithu. Mnyamata wina adafuna kundigulitsa paipi yothirira maluwa, ati ndi yomweyo. Wina adatulutsa ya mafuta. Zonsezi si zake. Paipi ya hita imapangidwa ndi mphira yopirira madzi otentha, ndipo mukayang'ana podulidwa mumaona ulusi wolukidwa pakati pake. Ndidaipeza m'sitolo ina ya zipangizo za galimoto, ndipo ndidagula theka la mita kuti ndikalakwitsa kudula ndisabwererenso kutauni. Ndidagulanso makilampu anayi atsopano ndi kulanti.

Kuika katsopano kudavuta kuposa kuchotsa kakale. Mpata wa pakati pa kamlomo ka pa hedi ndi paipi yachitsulo ndi wochepa kwambiri moti mphira yatsopano, yolimba, singapindike nkulowa. Pamafunika kumasula paipi yachitsuloyo kuti isunthe. Imagwidwa ndi mabawuti awiri a sipanala ya 12. Lam'munsi lidamasuka mosavuta, koma lam'mwamba lili kuseri kwa injini, pafupi ndi chitsulo cholekanitsa injini ndi mokhala anthu. Ndidachita kugona chafufumimba pamwamba pa injini, amakaniko atandigwira miyendo, sipanala ikutembenuka pang'ono ngati muvi wa wotchi. Idandipulumuka katatu, ndipo kachitatuko tidaifunafuna kwa theka la ola.

Paipiyo itamasuka tidaipala ndi sandipepa nkuiyang'anitsitsa. Idali ndi dzimbiri pamwamba pokha, yosabooka. Amakaniko adati ikadakhala yodyeka tikadaisiya, nkulumikiza paipi ya mphira yaitali kuchokera pa hedi mpaka pa valavu, bola kuimangirira bwino kuti isamakhuzane ndi zitsulo. Njira imeneyi imagwira ntchito ndipo imapeputsa zinthu, koma poti yathu idali yabwino tidabwezera monga mwa poyamba.

Pali tinthu tina tomwe ndikadakonda wina akadandiuza tisadayambe. Makilampu alowetseni ku paipi musanaiike, ndipo mitu yake iyang'ane komwe kuli tayala kuti chomangira chikafike. Ine ndidaiwala, ndipo ndidachita kuzulanso zonse. Pofuna kuti mphira iterere, inyowetseni ndi kulanti kapena madzi a sopo pang'ono. Oyilo ndi girisi ayi, chifukwa zimafewetsa ndi kuwononga mphira ya mtundu umenewu. Yambani kuvalika mbali ya paipi yachitsulo, kenako kankhirani zonse pamodzi ku kamlomo ka pa hedi. Kilampu ikhale kuseri kwa kamzere kotukuka ka kumapeto kwa chitsulo, osati pamwamba pake. Pomanga musachite ngati mukulimbana ndi mdani, kilampu yothina kwambiri imadula mphira.

Dzuwa likupendeka tidayamba kuthira madzi. Kwa zaka zambiri atsibweni ankathira a pamjigo okhaokha, ndipo omwe tidakhuthula adali ofiira ngati a mumtsinje wosefukira. Madzi a pamjigo amasiya miyala m'kati monga momwe amachitira m'ketulo, ndipo madzi opanda kulanti amadyetsa zitsulo dzimbiri. Tidatsuka m'kati kawiri, kenako tidasakaniza kulanti ndi madzi a mvula oyera, theka ndi theka. Amene angakwanitse agule madzi a batire, ndiwo abwino koposa. Tidaimika galimoto mphuno itakwera pang'ono, hita titaitsekula mpaka kumapeto, chitsekero cha rediyeta chili chochotsa, nkuliza injini. Thovu la mpweya lidayamba kutuluka, madzi nkumatsika, ife nkumawonjezera. Themositati itatsekuka, cha pa madigiri 82, paipi yaikulu idatentha ndipo madzi adatsikanso. Titaona kuti hita ikutulutsa mpweya wotentha ndipo thovu latha, tidatseka.

Mtima udali usadakhale pansi. Funso lidali lakuti kodi hedi idapulumuka tsiku lija pa chitunda? Tidasolola chitsulo choyezera oyilo: adali wakuda bwinobwino, osati wotuwa ngati tiyi wamkaka. Ku ekizozi sikunkatuluka utsi woyera wosatha. M'mawa mwake injini itazizira tidawonjezera madzi pang'ono, ndipo kwa sabata yathunthu sadatsikenso. Atsibweni adatenga chigubu chija nkupatsa azakhali kuti azisungiramo thobwa.

Madzi akale a mu injini tidawakwirira m'dzenje kutali ndi chitsime. Pano ndichenjeze makolo: kulanti amatsekemera koma ndi poizoni. Galu, nkhuku ngakhale mwana akhoza kumwa mukasiya beseni poyera, ndipo amawononga impso. Musamusungenso m'botolo la zakumwa. Chenjezo lina ndi lakuti chitsekero cha rediyeta sichitsekulidwa injini ili yotentha, chifukwa madzi amatumphuka nkukupsereza nkhope ndi manja.

Kwa inu amene muli ndi galimoto zakale zoyenda m'misewu yafumbi, kaya ndi Land Cruiser ya dizilo, Hilux, Pajero, Patrol kapena Land Rover, kayalidwe ka mapaipi kamasiyana koma zambiri zili ndi tipaipi ta hita kumbuyo kwa injini, komwe maso safika msanga. Ambirife timasintha mapaipi aakulu a kutsogolo chifukwa ndi omwe timawaona tikatsekula boneti. Tengani tochi tsiku lina injini ili yozizira, mutsatire paipi iliyonse kuyambira pomwe yachokera mpaka pomwe yathera. Ikanikizeni ndi zala. Ikakhala yofewa ngati nthochi yakupsa, youma ngati chikuni, yotupa pafupi ndi kilampu, kapena yokhala ndi zoyerayera, isintheni isanakusiyeni panjira. Land Cruiser zina za mtundu wa 80 zili ndi hita yachiwiri ya okhala kumbuyo, ndipo mapaipi ake achitsulo amadutsa kunsi komwe matope amakhala. Amenewonso ayang'aneni. Koposa zonse, mukaona kuti mukuwonjezera madzi kawirikawiri, musazolowere. Funani potulukira mpaka mupapeze.

Ine ndi atsibweni tagwirizana kuti mwezi uliwonse ndikalandira tizisintha paipi imodzi mpaka zonse zitatha. Pano tasintha zitatu. Anthu ena a m'mudzi atamva nkhaniyi adayamba kusonkha kangachepe, poti mutu umodzi susenza denga ndipo galimotoyi imathandiza tonse.

Zidutswa za kapaipi kaja ndidazisunga m'kabati ya mulabotale. Sabata yatha, pophunzitsa za pulesha ndi kuwira kwa madzi, ndidazitulutsa nkuzipereka kuti ana azione mmodzimmodzi. Zitafika kwa mtsikana uja adazitembenuza kangapo, nkufunsa ngati kanthu kameneka ndi komwe kadatiimitsa pa chitunda tsiku lija. Nditavomera, adafunsanso kuti nanga tipaipi tina totere tatsala tingati. Ndidamuuza kuti tinayi, ndipo kamodzi tisintha mwezi uno ukatha.